Dizilo wa Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anali munthu woti akapeza mkazi akusinja amaima n'kuyamba kumuphunzitsa kagwiridwe ka munsi, chikhalirecho iwo munsi sanaugwirepo. Kwawo kunali ku Matope. Anadzakwatira kwathu, kumtunda kwa Chifunga, ndipo monga mkamwini aliyense anapatsidwa malo omangapo nyumba kuseri kwa nyumba ya amayi, ndi gawo la munda loti azilima. Nyumbayo anamanga bwino, sindinganame. Kumunda ndiye kunali nkhani ina. Khasu ankalinyamula ngati angoliperekeza, ndipo dzuwa likangoyamba kuwawa mumawapeza pamthunzi akujambula pansi ndi kamtengo mmene ulimi uyenera kuyendera m'dziko muno.

Wolima anali achemwali. Ankadzuka nkhuku zisanatsike, kulima mizere yawo, kulimanso ya amuna awo, kenako n'kudutsira kumunda kwa amayi. Pobwerako sankakhala pansi. Mapoto awo ankawakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka munthu n'kumadziona nkhope, ndipo ine ndikatsuka mbale ankazitenga mwakachetechete n'kukazitsukanso. Mwana analibe. Kwathu mkamwini wopanda mwana amakhala ngati munthu wongobisala mvula pakhonde, aliyense amayang'ana kumwamba kuti ikata liti. Alamu ankadziwa zimenezi, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ankalimbikira kutibweretsera zodabwitsa. Anayamba ndi bowa wolima m'matumba, amene ananunkhitsa mudzi wonse. Kenako anabwera ndi zinziri, zimene zinadya gaga yense n'kufa sabata imodzi ngati zapangana.

Ndiye kunabwera msatsimanga. Mtengo umenewu tinkaudziwa kale. Unkamera m'mipanda ndi kumanda, mbuzi sizinkaudya, ndipo tili ana ankatiletsa kutafuna njere zake chifukwa zimatsegula m'mimba koopsa. Alamu anapita ku msonkhano wina ku boma, nabwerako ndi chipewa chatsopano ndi uthenga woti mtengowo ndi dizilo.

"Dizilo wake uti, alamu?" ndinawafunsa.

"Wa m'galimoto, alamu. Wa m'chigayo. Inu mwakhala mukukodzera chuma kuseri kwa mpanda."

Tinaseka, koma amayi sanaseke. Chigayo cha gulu lathu la alimi chinkakhala chete masabata ambiri chifukwa dizilo ankachokera ku Zalewa m'zigubu, panjinga, ndipo nyengo imene mafuta ankasowa m'dziko ngakhale ku Zalewako kunalibe. Amayi msana unali utatopa ndi mtondo. Anawalola alamu kudzala msatsimanga pamalo abwino kwambiri a munda, kumunsi kumene kunkabereka chimanga ndi nandolo ngakhale mvula itavuta.

Mitengoyo inakula mosafulumira. Zaka zinadutsa tikudya mopimira, tikuyang'ana masamba obiriwira oti ngakhale mbuzi imawakana. Anthu amene analonjeza kudzagula njere anabwera kamodzi kudzajambula zithunzi, sitinawaonenso. Njerezo zinadzaza matumba m'nyumba ya achemwali mpaka iwo ankagona mopindika.

Apa m'pamene amalume analowererapo. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba. Kumudzi kumene anakwatira nawonso anali mkamwini wamba, ndipo tinkamva kuti kumeneko ankatumidwa kukamanga mbuzi ndi kukapempha moto. Koma akangowoloka mtsinje kubwera kwathu ankasintha mayendedwe, n'kutulutsa mimba, n'kumatsokomola asanalankhule. Anatiitanitsa tonse pakhonde la amayi, alamu atakhala pansi, chipewa chili m'manja.

"Bambo," anatero amalume, "tinakupatsani mkazi, tinakupatsani munda. Mwana sitinamuone. Chimanga sitikuchiona. Tikuona matumba a zinthu zotsegula m'mimba. Ndiye timvane. Mvula isanagwe, chigayo chilire ndi mafuta anuwo. Chikapanda kulira, mitengoyo tizula, ndipo inu njira ya ku Matope mukuidziwa."

Achemwali anayang'ana pansi. Ine mawuwo anandiwawa, ngakhale ndinali woyamba kuwaseka alamu tsiku lililonse. Kuseka mlamu ndi udindo wanga. Kumuthamangitsa ndi chinthu china.

Mwayi wa alamu unabwera pagalimoto yoyera. Munali mtsikana wophunzira wa ku yunivesite, wowonda, wovala nsapato za anyamata, amene ankafuna mudzi wokhala ndi njere zambiri za msatsimanga kuti ayeserepo makina ake. Tinkamutchula kuti adokotala, ngakhale ankakana kuti sanafike pamenepo. Anabweretsa chofinyira mafuta chopukusa ndi manja, sola, kapampu, ndi mgolo wachitsulo wamapaipi ambiri. Zonse anaziika m'kanyumba kamene munkakhala zinziri zija.

Tsiku loyamba anafuna kutifotokozera tonse. Tinasonkhana, ana kumsana. Anationetsa tinthu toyera ngati fetereza, m'kathumba, nati dzina lake ndi enzaimu. Timeneti, anatero, nditimene timasandutsa mafuta a msatsimanga kukhala dizilo, tikasakanizidwa ndi mowa wina woopsa umene munthu akamwa amachita khungu. Anawonjezera kuti mowawo umathiridwa pang'onopang'ono, chifukwa ukachuluka tinthuto timafooka n'kusiya ntchito.

"Ndiye n'taamuna," anatero mayi wina kumbuyo, ndipo tonse tinagwa nako kuseka.

Anationetsanso paipi yoyera ngati kandulo yaikulu, yotchedwa membuleni. Anati ili ndi timabowo toti diso silingaone, ndipo timabowoto timalola dizilo kutuluka koma mafuta amene sanasanduke amatsala mkati kuti azungulirenso. Anali asanamalize pamene alamu anaimirira n'kukweza dzanja.

"Adokotala, musadzivutitse. Azimayiwa mungowazunguza mitu, ndipo nkhani zawo mwazimva kale. Zotsalazo mundiuze ine, ine ndiziwafotokozera m'njira yoti amve."

Mtsikanayo anali waulemu, ndipo sankadziwa kuti kwathu munthu akati ndidzafotokoza amatanthauza chiyani. Tinabalalika. Maphunziro otsalawo analandira alamu okha, chitseko chili chotseka. Adokotala atabwerera ku Blantyre, alamu anagula loko, kiyi anamanga pachingwe n'kuvala m'khosi, ndipo kanyumba ka zinziri kanasanduka ofesi. Kufotokoza kumene anatilonjeza kunali kwa mawu awiri okha: musalowemo.

Ntchito yathu inali yakunja. Tinkasenda njere, kuziyanika, ndi kupukusa chofinyira mpaka mapewa kuwawa. Achemwali ankapukusa kuposa tonse. Mafutawo alamu ankawalandirira pakhomo ngati wansembe, n'kulowa nawo okha. Ndikawafunsa kuti mkatimo mukuchitika chiyani ankayankha kuti, "Sayansi, alamu. Si zophika mpiru izi."

Koma ndinene zoona, dizilo anatulukadi. Anali wochepa, botolo limodzi, woyera ngati tiyi wosalowerera. Alamu anayenda nalo botololo mudzi wonse. Anapita nalo kutchalitchi, ku maliro, mpaka kudibi la ng'ombe, akuliyang'anitsa kudzuwa kuti aliyense aone. Ankadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti makinawo ndi aulesi, dizilo amangodontha ngati denga lothonya. Amalume analinunkhiza botololo nati botolo si chigayo.

Kenako uthenga unabwera pafoni kuti adokotala akubwera ndi akuluakulu awo kudzaona makinawo akugwira ntchito. Akakhutira, adzatisiyira makinawo ndi kutitumizira enzaimu wina. Tsiku lomwelo, madzulo ake, dizilo adzathiridwa m'chigayo pamaso pa aliyense. Amalume anati adzabwera.

Munthu wa kwathu sindikusowa kumuuza chimene chimachitika kukamabwera alendo. Bwalo limasesedwa mpaka njira yopita kuchimbudzi. Makonde amaziridwa. Ana amasambitsidwa mpaka kulira. Chinthu chilichonse chimene mlendo angachiyang'ane chimatsukidwa, chifukwa mlendo akaona litsiro sanena kuti mwamunayu ndi wauve, amanena kuti pakhomo pano palibe mkazi. Achemwali mawu amenewo ankawaopa kuposa njala, makamaka iwo amene anthu ankawanena kale kuti alibe mwana.

M'mawa wa tsikulo alamu anasamba msanga, navala jekete yobwereka, n'kuthamangira kumsewu kukadikira galimoto, poopa kuti munthu wina angayambe kupereka moni kwa alendo awo. Kiyi anaiwala pamsomali wa kubafa. Ine ndinali kukhitchini kwa amayi ndi nkhuku za alendo. Ndinawaona achemwali akudutsa ndi ndowa ya madzi owira, nthunzi ili tolotolo, kenako akudutsanso ndi ina. Ndinangoti akukasosola nkhuku zawo.

Atandiitana ndinawapeza pakhomo la ofesi, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala ndi chimwemwe.

"Taona," anatero. "Mmene munalili muno, iwe! Mafuta paliponse, fungo ngati khola. Alendo akanati chiyani? Alamu akowa ukhondo sawudziwa."

Mgolo unkanyezimira. Anali atamasula chivundikiro, chifukwa achemwali panalibe chinthu chotsekedwa chimene chinkawakanika. Paipi yoyera ija anati inali yoterera ndi mafuta, ndiye anaikwecha ndi mchenga wosefa bwino ndi phulusa mpaka inayera. Tinthu toyera tija tinali titada, ndiye anatiika m'poto n'kutiwiritsa ndi sopo ngati matewera, n'kutitsukuluza, n'kutibwezera m'malo mwake. Chilichonse anachibwezera mmene anachipezera, n'kutseka loko.

"Kodi alamu akudziwa?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndikufuna adzangoona."

Ine sindinaone cholakwika chilichonse. Ndikanachiona bwanji, poti sayansi si zophika mpiru? Ndinawayamikira, n'kubwerera ku nkhuku zanga.

Alendo anafika dzuwa litakwera. Panali adokotala, bambo wina wa mimba yoposa ya amalume, ndi mayi wa magalasi amene ankajambula chilichonse ndi foni. Alamu kiyi anakaipeza pamsomali pomwe paja. Atatsegula ofesi anaima pang'ono, n'kuyang'ana mgolo wowalawo, koma alendo anali kale kumbuyo kwawo akuyamikira ukhondo, ndiye iwo anangokweza mapewa a jekete nati, "Timayesetsa."

Anathira mafuta, anathira mowa uja pang'ono, anayatsa pampu. Alendo tinawapatsa chakudya. Alamu analankhula nthawi yonse ya chakudyacho. Anafotokoza mmene boma lathu la Neno lidzakhalire lotumiza dizilo ku Blantyre, mmene anthu a ku Zalewa azidzabwera kwathu ndi zigubu zawo kudzapempha. Amalume ankangokukuta fupa.

Itakwana nthawi, tonse tinaunjikana pakhomo la ofesi. Alamu anaika ndowa pansi pa mpopi n'kutsegula. Sizinadonthe ngati kale. Zinatuluka mwamphamvu, mkokomo ngati ng'ombe ikukodza.

"Mwaona!" anakuwa alamu. "Lero akuthamanga! Amalume, mwaona?"

Nthungululu zinalira. Ine ndinaimba nawo, ndipo achemwali anandigwira dzanja n'kulifinya. Amayi anayamba kuvina. Anyamata anali atanyamula kale ndowa kuti athamangire nayo kuchigayo pamene adokotala anati, "Taimani kaye."

Anaviika chala m'ndowamo, n'kutikita ndi chala chinzake. Anatunga pang'ono m'kabotolo n'kuyang'anitsa kudzuwa. Zinali zambuu, zolemera, zonanda. Ngakhale ine ndinazizindikira, chifukwa ndinali nditazifinya ndekha dzulo lake. Anali mafuta a msatsimanga omwe aja, angodutsa m'makina ngati munthu wodutsa pamsika osagula kanthu.

Adokotala anazimitsa pampu n'kumasula chivundikiro. Anatulutsa paipi ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akuyendetsa chala pa mizere imene mchenga unasiya. Kenako anatapa tinthu toyera tija n'kutinunkhiza.

"Sopo," anatero motsitsa mawu. "Ndipo tawiritsidwa. Paipiyi khungu lake losefa lachoka lonse. Wachita zimenezi ndani?"

Alamu anatenga paipiyo m'manja mwa adokotala. Anaitembenuza, n'kuyang'ananso mgolo, mpaka pansi pake pamene munthu wina aliyense sakanafikapo ndi chisanza. Pamudzi pathu panali munthu mmodzi yekha wokwecha chinthu chotero, ndipo iwo anali atadya m'mapoto ake zaka zonsezi. Sanatembenuke kuwayang'ana achemwali.

"Ndine," anatero. "Ndinafuna kuti alendo apeze zoyera."

"Inu?" anatero adokotala. "Koma bambo, ndinakuuzani kangati? Ndinati enzaimu ali ngati chimera. Phala la thobwa likamawira simuthiramo chimera, mumadikira lizizire, apo ayi chimafa. Ndinati madzi otentha asayandikire, paipiyi isakhudzidwe ndi chilichonse chokanda. Munati mwamva, ndipo munati muwauza amayiwa."

"Ndinaiwala."

Azimayi anayang'anana. Mmodzi anayamba kuseka m'chitenje, ndipo posakhalitsa onse anali kugwirana mapewa. Kodi sayansi yonse ija, ya loko ndi kiyi wa m'khosi, inali ya chimera basi? Zoti mwana wamkazi aliyense amazidziwa asanathe msinkhu? Ine sindinaseke. Ndinakwiya mpaka makutu kutentha. Mawu amenewo alamu akanangotiuza pakhomo tsiku limodzi, pakati pa matama awo onse aja, achemwali sakanayandikira ndi ndowa.

Achemwali anaimirira. "Pepani, ine ndimati ndinene..."

"Amayi, khalani pansi," anatero alamu. "Nkhani za makina simukuzidziwa."

Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chikondi kapena matama omwe aja, oti kuli bwino atchedwe chitsiru kusiyana ndi kuvomera kuti mkazi analowa mu ofesi yawo. Mwina zinali zonse ziwiri. Alamu anali munthu woti ngakhale chabwino ankachichita mokwiyitsa.

Bambo wa mimba uja anafunsa ngati zingakonzeke. Adokotala anati enzaimu ndi paipi zimachokera kunja kwa dziko, ndipo zimene anali nazo zinali zomwezo. Kenako analowa m'galimoto, maso ali ofiira. Mayi wa magalasi anasiya kujambula. Makinawo anawapakira tsiku lomwelo, n'kutisiyira chofinyira chokha. Chigayo sichinalire.

Amalume sanadikire n'komwe kuti fumbi la galimoto likhazikike. Anatsokomola, n'kunena kuti mawu awo aja sanasinthe.

Tsiku lotsatira achemwali anapita kukagwada pamaso pa amalume ndi amayi, ine ndili pomwepo. Anafotokoza zonse, za kiyi, za ndowa, za mchenga.

"Ndinatsuka ndine, amalume. Iwo sanakhudze. Ngati pali wochoka, si iwo."

Amalume sanadabwe ngakhale pang'ono. "Ukuganiza kuti sitinadziwe? Munthu uja angakweche chinthu mpaka kuwala? Mbale yake yomwe satsuka. Koma iwe ndiwe mwana wa pano, sulakwa pamunda wa amayi ako. Iye ndi wobwera. Mpata wapezeka, tiugwiritse ntchito. Udakali ndi mphamvu, tikupezera mwamuna wolima, mwinanso wobereka."

Achemwali anayang'ana amayi. Amayi anali kutola timiyala mu mpunga, ndipo sanadzutse mutu.

Mitengo inazulidwa sabata yomweyo. Amalume anaimirira pachulu akuloza ndi ndodo, anyamata akukumba. Alamu anamanga katundu wawo, ndipo anali wochepa womvetsa chisoni: bulangete, wailesi, nsapato za kutchalitchi. Anabwera kudzanditsanzika kukhitchini.

"Alamu, tapita. Muzisunga chofinyiracho pouma, tsiku lina adzabweranso anthu amenewa."

Ndinafuna kuwaseka monga mwa masiku onse, koma ndinalephera. Ndinangoti, "Muyende bwino, alamu."

Atafika pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo, chitseko cha nyumba yawo chinatseguka. Achemwali anatuluka ndi dengu lalikulu pamutu, mtolo wa zovala kumsana, khasu lawo m'manja. Anatseka chitseko, n'kudutsa pakati pa bwalo osathamanga.

Amalume anatsika pachulu. "Iwe, ukupita kuti? Mkazi wa kuno sachoka! Munda uwu ndi wako, nyumba iyi ndi yako. Ku Matope ukakhala wobwera, ukakhala kapolo wa eni mudzi!"

"Ndikaona mmene zimakhalira," anayankha achemwali. "Amuna anga akhala choncho kuno zaka zonsezi."

Amayi anaimirira, mpunga umene ankasankhanso tsikulo n'kutayika. "Mwana wanga, nanga ine andilimire ndani?"

Achemwali anaima. Ndinaona dengu likugwedezeka pamutu pawo, ndipo ndinaganiza kuti atula. Anawayang'ana amayi nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta.

"Dzana lija ndinakuyang'anani, amayi," anatero. "Munali kusankha mpunga."

Anatembenuka n'kutsata amuna awo. Alamu anafuna kuwalandira dengu, iwo anakana, ndipo anatsetsereka onse awiri kulowera kumsewu, alamu patsogolo akulankhula ndi manja, achemwali pambuyo. Amayi anakhala pansi pomwe anaima, pakati pa mpunga wotayikawo, nkhuku zikuwatolera m'miyendo, ndipo sanazipirikitse.